Chipanda Chomwe Ndinakana Kumwera

Rozinya ndi Tomasi, ana anga, za ubwana wanga musaziyembekezere pano. Ndinali mwana ngati ana ena onse, wamamina ndi wanjala, ndipo palibe chomwe mungaphunzirepo. Ndiyambira pomwe ndinayamba kudzukira ntchito ya munthu wina. Zonse ndalemba apazi ndi zoona. Amayi anu akuti ndimathira nsinjiro zambiri, koma pa zambiri mwa izi iwo panalibe, ndipo pomwe analipo ankayang'ana kumbali.

1994, Chipera

Tinabwerera kuchokera ku Zambia chaka chimenecho: ine, amayi anu, iwe Rozinya uli kumsana, mbiya ziwiri ndi njinga yopanda mabuleki. Tsiku lina ndikudutsa pa posto ya boma ku Chipera, shefi, mkulu wa pamenepo, anaitana njingayo. Sindinalakwitse kulemba, anaitana njinga. Anaizungulira kawiri, naitsina matayala, kenako n'kufunsa kuti, "Ili ndi mwini?" Nditati mwini wake ndine, anati, "Basi, nawenso ubwere Lolemba." Motero boma linalemba ntchito njinga, ine n'kukhala woiperekeza, pa udindo wa seriventi: kusesa, kukweza mbendera, ndi kunyamula makalata kupita ku Chiputo ndi ku Malowera.

Inu amene mumadandaula foni ikatha moto simudziwa kusowa. Mapepala kunalibe, tinkalemba pa matumba a simenti, moti kalata ya boma munthu ankayamba waikuntha asanaiwerenge. Chidindo chinalibe inki. Shefi ankachiuzira mpweya katatu, n'kuchiika papepala, n'kuchikhalira. Anali munthu wathupi, ndipo chizindikiro chinkaoneka mpaka pampando. Nthawi ya dzinja msewu wa ku Chiputo unkasanduka phala. Ndinanyamulapo kalata yodziwitsa anthu a kumeneko kuti kukubwera mphunzitsi watsopano. Pomwe ndinkafika nayo, mphunzitsiyo anali atafika kale, atakwatira, ndipo kalatayo anailandira ndi mwana wake pakhomo. Ngati ndikunama, mwanayo alipo, kamfunseni.

2003, Malowera

Ananditumiza ku Malowera, ndipo kumeneko ndi komwe ndinaphunzira ntchito yomwe inadzandikweza n'kundigwetsa. Amayi anu ankafulula mowa wa mapira. Chaka chimenecho anathyoka mkono chimera chili kale padzuwa, anthu titawaitana kale kuti adzatithandize kupalira. Anandikhazika pamoto ndi mthiko, iwo atakhala pamtondo n'kumalamula. Amuna anzanga anandiseka sabata yathunthu, ati Alifonso wavala chitenje. Atalawa anasiya kuseka. Wina analira, ati zaka zonsezi akazi akhala akutibisira.

Lamulo loyamba lomwe amayi anu anandiphunzitsa silinali la moto kapena la chimera. Linali lochotsa ufiti. Mwini mowa amatunga chipanda choyamba mumbiya yomweyo imene anthu amwemo, anthu onse akuona, n'kumwa yekha. Akatero ndiye kuti wanena kuti: mukafa, ndayamba ndine. Ku Malowerako kunali mkulu wina amene anapezeka akulawa mowa wa mumtsuko wina, wobisa kuseri kwa chitseko. Sanathire kanthu mumowa wa anthu, ankangodzisungira wokoma. Koma anthu anadzuka mmodzimmodzi osatsanzika, ndipo mpaka imfa yake ngakhale madzi akumwa palibe anapemphanso pakhomo pake.

2016, Fingowe

Nditalandira reforma, kupuma pa ntchito ya boma, ndinasamukira kufupi ndi Fingowe kuti ndizilima ndi kukalamba mwaulemu. Ulemuwo unatha miyezi isanu. Kunabwera munthu wina wa ku Beira, Sinyoro Valdemaro, amene anamanga fabrika yaing'ono, kafakitale kofulula mowa wachizungu wa seriveja, m'mbali mwa msewu wolowera m'tauni. Anabweretsa matanki onyezimira oti munthu n'kumeterapo ndevu, ndipo ankafuna kufulula seriveja ya mapira, ya malambe ndi ya masau. Makina ankawadziwa, mapira sankawadziwa. Chimera chake choyamba chinamera mpaka kufuna kupalira. Anthu anamuuza za ine, nandilemba ntchito. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka makumi awiri, koma ankandiitana kuti "iwe Alifonso". Akayamba kunena kuti "Tiyu Alifonso" ngati ndine malume ake, ndinkadziwa kuti pali chomwe akufuna.

Kutsogolo kwa fabrikayo anamanga chipinda cholawiramo, chofolera ndi udzu mwadala pomwe malata anali nawo. Mowa unkachokera m'mabarili a mujelera, firiji yaikulu ya kuseri, n'kumatulukira pa timipopi pameza yaitali. Chipinda chimenechi ndicho chinkaitana alendo: a ku Tete, a m'makampani a miyala, azungu opita kukasaka nyama cha ku Zumbo, ndi ena oti ukawafunsa chomwe abwerera ankati angobwera kudzaona. Tsiku lathunthu pamsewu wathu uja, mafupa kuwawa, kudzaona mowa.

Tsono mverani mmene ankamwera, chifukwa mpaka lero mtima umandiwawa. Mlendo aliyense tinkamupatsa kathabwa kokhala ndi timakopo tisanu, tating'ono ngati tomwera mankhwala a chifuwa. Munthu wamkulu, wandevu zake, ankanyamula kakopo kamodzi, kukayang'anitsa padzuwa ngati akufuna dzira lovunda, kukanunkhiza, kukaika pansi, kukajambula ndi foni uku ndi uku mpaka thovu lonse litafa. Akatero ankanyowetsa nsonga ya lilime n'kutsinzina. Wina ankati akumva utsi. Wina ankati akumva chikopa. Mayi wina anati akumva mvula yoyamba ikugwa pafumbi. Ine ndamwa mowa zaka makumi anayi, ndipo nthawi zonse ndimamvamo mowa. Mzungu wina anakhala ndi kakopo kamodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kangaude n'kumanga ulusi kuchokera pachigongono chake kufika pameza. Ndinauchotsa ndine ndi tsache, pali Mulungu.

Amene ankamwa ngati anthu anali magarimpero, okumba golide aja. Iwo timakopo ankatikana, ankafuna kopo yogwira ndi dzanja lonse. Mkulu wawo anali Jowakimu, wa ku Manika, munthu wosalankhulalankhula, wachipsera pachipumi. Tsiku loyamba ndinamuthirira, iye n'kuikankhira kopoyo kwa ine.

"Tiyu, yambani ndinu."

Ndinamumvetsa. Munthu amene ali ndi golide m'thumba ndipo ali kutali ndi kwawo saopa mkango, amaopa kopo. Ndinamwako, iye anadikira pang'ono akundiyang'ana m'maso, kenako anamwa. Kuyambira pamenepo magarimpero onse sankakhudza mowa ndisanauchotse ufiti.

Valdemaro poyamba anakwiya. "Iwe Alifonso, ndinakulemba kuti uzifulula, osati uzimwa ndi makasitomala!" Koma tsiku lina alendo a ku Tete anaziona, nafunsa tanthauzo lake, natulutsa mafoni. M'mawa mwake ndinamva kuti, "Tiyu Alifonso, tabwerani." Anali atagula chipanda n'kuchikongoletsa ndi mikanda. Anali atapezanso chikopa choti ndizikoleka paphewa, chomwe ankauza alendo kuti ndi cha kambuku. Mbuziyo ndinkaidziwa, inali ya a Nabanda oyandikana nafe, ndipo chiwindi chake ndinadya nawo. Anatinso ndizivula nsapato. Ine, mkulu wa mpingo, munthu amene ndinatumikira boma zaka makumi awiri kuti ndigule nsapato, ndizivulenso kuti azungu aone makolo! Pakhomo anapachika bolodi lonena kuti pano pali mwambo wakalekale wa ku Maravia, dera lathu lino, nthawi yake ndi khumi koloko ndi thuwelofu, ngati kuti ufiti umayendera wotchi.

Mudzafunsa chifukwa chake ndinavomera. Iwe Tomasi unali utangoyamba maphunziro ku Tete, ndicho chifukwa choyamba. Chachiwiri n'chakuti pansi pa chikopa cha mbuzi ndi mikanda yonseyo, chinthu chenichenicho chinali chikadali choona. Ndinkatunga pampopi womwewo, anthu akuona, n'kumwa. Zinazo ndinkati ndi zovala chabe.

2019, mwezi wa Novembala

Kunatentha chaka chimenecho moti nkhuku za amayi anu zinkaikira mazira ophikaphika. Magetsi anazima Lachiwiri. Jenereta inalipo koma mafuta analibe, chifukwa galimoto yobweretsa mafuta inathyoka chitsulo kutali ndi Fingowe. Pofika Lachisanu jelera inali yofunda ngati m'khwapa. Seriveja ya mapira ndi ya malambe zinali zitatha kale. Inatsala barili imodzi yokha, ya masau, ndipo nditatsegula mpopi ndinabwerera m'mbuyo. Sikunali kusasa kwabwino kwa mowa wokhwima ayi. Unali utavunda, ukutuluka ngati ulusi wa therere. Ntchentche inatera pamlomo wa kopo, inalawa, inagwa chagada. Ndinaikwirira ndekha.

Loweruka masana kunkabwera magalimoto awiri a alendo, pamodzi ndi mayi wina wolemba za malo oyenera kukachezako. Valdemaro anali atamuyembekezera chaka chonse. Tsiku lomwelo Jowakimu anali atanena kuti abwera ndi anzake asanu ndi mmodzi, chifukwa mkazi wake anali atabereka mwana wamwamuna kwawo.

Lachisanu madzulo ndikutsuka makopo ndinamva kuti, "Tiyu Alifonso." Valdemaro anali atanyamula garafa imodzi yonyowa, botolo la seriveja. Anali ataisunga m'chitsime, yotsala pa mowa wabwino wa mwezi wathawo.

"Mawa ndikuthirirani iyi m'chipanda kuseri kuno," anatero. "Mutuluka nacho, mumwa, mumwetulira. Chipanda sichionetsa zam'kati. Alendo tiwapatsa za pampopi."

"Patarau, bwana wanga, za pampopizo zavunda."

"Zasasa pang'ono. Ku Ulaya mowa wosasa ndi wodula kuposa wina uliwonse. Ndiuza alendo kuti ndi wapadera."

"Ngati ndi wapadera, imwani kopo imodzi ndione."

"Mukudziwa kuti ndili ndi zilonda zam'mimba."

"Nanga a Jowakimu mimba yawo ndi yachitsulo?"

"Mowa uwu supha munthu, Tiyu. Ndikukutetezani inu, kuti musadwale. Kodi ndi mlandu kupatsa nkhalamba mowa wabwino?"

Ndinamuuza kuti tingotseka, tiuze alendo zoona kuti magetsi anatilanga. Anati mayi wolembayo sadzabweranso kachiwiri. Ndinati tigule kabanga kwa amayi a kumsika, alendo alawe za kuno zenizeni. Anati iye sanamange fabrika kuti azigulitsa mowa wa gaga. Pomaliza mawu a "Tiyu" anatha. "Iwe Alifonso, ndi sewero chabe. Ukakana, Lolemba usabwere. Nkhalamba zofuna kuvala chikopa zadzaza Fingowe."

Ndinafika kunyumba ndili ndi maganizo awiri, ndipo sindikubisirani, oyamba anali omwa. Ndinkati mimba ikatsegula imatsekanso, koma ntchito ikatseka pa msinkhu wangawu sitsegukanso. Ndinawafotokozera amayi anu akusenda nyemba. Sanakweze mutu.

"Bambo a Rozinya, Jowakimu uja akamakupatsani kopo, amakhala akufunsa chiyani?"

"Amafunsa ngati mowa uli bwino."

"Ayi. Amafunsa ngati inu muli bwino. Kamweni za m'garafazo ngati mukufuna, ntchito ndi yanu. Koma mbiya zanga musadzazikhudzenso."

Loweruka linafika. Alendo anadzaza meza yaitali, anthu khumi ndi awiri, aliyense ndi kathabwa kake. Timakopo tonse tisanu tinali ndi mowa umodzi womwewo, koma Valdemaro anapatsa kalikonse dzina lakelake. Jowakimu ndi anzake anakhala pakona, atavala malaya ochapa, makopo awo ali odzaza patsogolo, manja ali pamaondo, akudikira ine. Kuseri Valdemaro anathira garafa ija m'chipanda, nandikonza chikopa paphewa, nandikankha pamsana.

Kuchokera kuchitseko cha kuseri kufika pakati pa chipindacho ndi mapazi khumi. Ndayendapo Chipera mpaka Chiputo m'matope, koma ulendo wautali pa moyo wanga ndi umenewu. Mowa wa m'chipandamo unkanunkhira bwino, wozizira. Nditakweza maso ndinaona Jowakimu akumwetulira. Zaka zitatu ndinali ndisanaonepo mano ake.

Ndinaika chipandacho pameza. Ndinalankhula m'Chinyanja, mokweza, kuti a pakona amve.

"A Jowakimu, za m'chipanda umu sizinachokere pampopi. Zathiridwa kuseri, za m'garafa ina. Bweretsani kopo yanuyo."

Anaibweretsa yekha. Ndinamwa kukamwa kumodzi kwathunthu, chifukwa mwambo sufuna nsonga ya lilime. Ana anga, ndinayesetsa kumeza. Mmero unakana, mimba inatseka chitseko, ndipo zonse zinatuluka n'kukagwa pasimenti patsogolo pa mayi wolemba uja.

Kenako alendo anayamba kuwomba m'manja.

Valdemaro, ndimupatse ulemu wake, anali ndi mutu wothamanga kuposa njinga yanga yopanda mabuleki. Nkhope ili mbuu, anauza alendo m'Chipwitikizi kuti aona chinthu chosowa kwambiri, choti mkulu wa mowa amachita kamodzi pachaka: kulavulira mizimu ya makolo kukamwa koyamba. Mayi wolembayo anandigwira mkono, ati ndibwerezenso chifukwa foni yake sinajambule bwino. Ndinamuuza m'Chipwitikizi changa cha ku posto kuti, "Dona, mowawu wavunda, musamwe." Anaseka, nauza anzake kuti nkhalambayi ndi yanthabwala. Ndinanenanso kachiwiri. Anaseka kwambiri. Kenako bambo wina wa magalasi anaimirira, namwa kakopo kake, nalavula pansi mwaulemu waukulu. Mnzake anatsatira. Posakhalitsa anthu khumi ndi awiri, ophunzira, oyenda m'ndege, anali akulavulira makolo anga pasimenti yomwe ndinakolopa ndekha m'mawa. Atatha anamwa timakopo tinayi totsalato mpaka pansi. Wina anati akumva nthaka. Mayi uja anati sanalawepo mowa wolimba mtima chonchi.

Jowakimu sanaseke. Anatenga kopo yake, nakhuthulira mowawo panja, naivundikira pameza. Anzake anachita chimodzimodzi. Potuluka anaima pafupi ndi Valdemaro, namuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatembenukira kwa ine nandithokoza m'chilankhulo cha kwawo, nati, "Tatenda, Tiyu." Sanapondemonso m'chipinda chija, iye ngakhale garimpero wina aliyense.

Ine sindinadikire Lolemba. Valdemaro anandipeza kuseri ndikuvala nsapato. Anati ndamuchititsa manyazi pamaso pa alendo. Ndinati alendo akewo akuwomba m'manja mpaka pano, manyazi ali pati? Anati ndine wosayamika. Ndinamupatsa chikopa chake, n'kumuuza kuti akapereke moni kwa kambuku. Za alendowo ndinamva kwa dalaivala wawo patapita mwezi. Ulendo wobwerera ku Tete, womwe ndi wa tsiku limodzi, unatenga masiku awiri, ndipo akuti palibe chitsamba cha m'mbali mwa msewu chomwe sichinalandire mlendo. Mukadzadutsa mudzaone mmene mitengo yake inabiriwira.

2020 mpaka lero

Chipinda cholawiramo chikadalipo, ndipo alendo achuluka kuposa kale. Chomwe chimandiutsa ukali ndikakhala pansi pa mtengo wanga n'chakuti bolodi lija analilembanso. Tsopano likuti mlendo aliyense alavule kukamwa koyamba polemekeza mizimu, monga ankachitira makolo a ku Maravia kuyambira kalekale. Anaikamo ndi mphika wolavuliramo, wamikanda. Kalekale wake uti? Mwambo umenewo ndinauyambitsa ine, Loweruka masana, ndi mseru. Tsiku lina mdzukulu wanga adzauwerenga m'buku la kusukulu, ndipo akadzati agogo anga ankati ndi bodza, adzamulepheretsa mayeso.

Iwe Tomasi ukudziwa mmene chaka chotsatiracho chinavutira, ndi mbuzi zomwe zinapita kuti umalize. Sunandifunsepo chifukwa chake ntchito inatha, ndipo ine sindinakuuze. Ndi chimenechi.

Dzinja lotsatira munda unatikulira, ndipo ine ndi amayi anu tinafulula mowa woitanira anthu kudzapalira. Tinkayembekezera oyandikana nawo okha. Dzuwa litangotuluka tinamva njinga zamoto, n'kuona Jowakimu ndi anzake asanu ndi atatu, makasu ali kumsana. Anthu okumba miyala akagwira khasu m'munda wa mchenga, ntchito ya masiku atatu inatha nthawi ya kadzutsa isanakwane, ndipo ndinachita kuwagwira kuti asapalirenso munda wa a Nabanda.

Tinakhala pamthunzi, amayi anu anatulutsa mbiya. Ndinatunga chipanda choyamba, anthu onse akuona, thovu lili tolotolo, mowa wabwino kuposa wonse womwe ndinafululapo. Ndikuchikweza kuti chifike pamlomo, dzanja linachigwira. Anali Jowakimu.

"Mowa wa pakhomo pano sitiyembekezera kuti muyambe ndinu, Tiyu."

Anamwa, napatsa mnzake, mnzakeyo napatsa wina. Ndinatunga chachiwiri, anandilandanso. Ndinawauza kuti akuphwanya mwambo, kuti mwini mowa ali ndi ufulu wake, kuti ndikawasumira ku posto. Amayi anu ankangoseka, misozi ili mbwembwembwe, akupukuta ndi chitenje. Pomwe chipanda chinkabwerera kwa ine munali masese okhaokha, ndipo mpaka lero, ndikafulula, anthu amenewa sandilola kuyamba. Chaka chatha ndinachita kupempha kwa mlendo kuti andigawireko mowa wanga womwe.